A Ndinanena ndi Galimoto Yokana Kuzima

Mumsewu mwathu munali bambo wina amene ankavulira galimoto chipewa. Osati mwini galimoto ayi, galimoto yeniyeniyo. Ikamadutsa, iwo ankaima pageti la galaja yawo, n'kupendeketsa mutu ngati nkhuku imene yaona mthunzi wa kabawi, kenako n'kukoka utsi ndi mphuno. Akapeza kuti zinthu sizili bwino, ankavula chipewa pang'onopang'ono n'kuchigwirira pachifuwa monga achitira anthu maliro akamadutsa. Dalaivala amene waziona zimenezi pagalasi, tsiku limenelo chakudya sichinkatsika.

Tinkawatchula kuti a Ndinanena, chifukwa ndiwo mawu amene ankalandirira nawo galimoto iliyonse yobwera chokokedwa ndi chingwe. Moni ankabwera pambuyo, akakumbukira.

Ine ndine telala. Khonde langa linkayang'anizana ndi geti la galaja yawo, ndiye kwa zaka zambiri phazi linkakhala pa makina, maso ali kutsidya. Zimene ndikukuuzanizi sindinachite kumva.

A Ndinanena anali makaniko wa magalimoto a dizilo, wamtali, wowonda ngati mlongoti, ovolosi yawo yakuda bii moti mukanaifinya mukanadzaza botolo. Nsonga ya mphuno inkakhala yakuda nthawi zonse, poti chilichonse chotuluka mu injini ankayamba achinunkhiza asanachiyang'ane. Mawu awo anali apansipansi, okoka, a munthu amene wabwera kudzanena uthenga woipa koma akudikira kaye kuti mukhale pansi.

"Mwadzuka bwanji, achikulire?" ndinkatero m'mawa uliwonse.

"Kudzuka tadzuka, achemwali. Koma dzuwa silinalowe."

Tsiku lina wometa tsitsi wa pakona anabwera ndi kagalimoto kake kudzaikitsa babu.

"Babu lokha, achikulire. Lakumanzereli."

"Babu ndikuikirani," anatero a Ndinanena. "Odzakukokaniwo azidzakuonani bwino."

"Aa, kundikoka? Simukumva mmene injiniyi ikulirira bwino?"

"Nkhumba nayo imalira bwino tsiku lomaliza."

Wometayo anayesa kuseka. "Zimenezo n'za mawa, achikulire. Paja amati tsoka silinunkha."

"Amene anapeka mwambi umenewo anali ndi chimfine. Tsoka limanunkha, bambo. Limanunkha oyilo wopserera."

Munthu anabwera akuimba mluzu, anabwerera akuyendetsa ngati wanyamula madzi m'mbale. Sabata yonseyo aliyense amene anameta kwa iye anatuluka mutu uli ndi mabala.

Musaganize kuti ankalosera magalimoto okha. Analosera wilibala ya womanga nyumba, feni ya m'golosale, ngakhale tambala wa aneba awo, ati kulira kwake kukusonyeza kuti m'chifuwa mwalowa mphepo. Makina anga osokera nawo sanapulumuke. Anaima pakhonde tsiku lina, n'kutseka maso.

"Kamvekedwe aka sikakundisangalatsa, achemwali. Sokani mwachangu, muwabwezere anthu nsalu zawo."

Makinawo ndikusokerabe mpaka lero. Kagalimoto ka wometa kaja nako kanayenda zaka ndi zaka, ndipo akawafunsa ankangoti, "Kakungozengereza." Kunena zoona, pa maulosi awo ambiri ankagwa m'madzi. Koma akalondola, mayo ine! Ankafika pamalo a ngozi chingwe chokokera chisanafike, manja kumbuyo, nkhope ili yachisoni koma maso akuvina.

Mayi akunyumba kwawo anali munthu wosiyana nawo ngati usana ndi mdima, wonenepa bwino, woseka ndi thupi lonse. Ankabwera kudzakhala pakhonde langa podikira kuti bambo atseke galaja.

"Mukudziwa mmene anandifunsirira?" anandiuza tsiku lina. "Anati, 'Ndikukufuna, koma ndikuona ngati zidzavuta.' Ndakhala ndikudikira kuti zivute mpaka imvi izi."

Nyengo yozizira ikafika, a Ndinanena ankalengeza imfa yawo. "Chaka chino mvula sindiiona." Mvula inkabwera, n'kuwapeza ali pansi pa lole, akudandaula kuti denga la galaja likudontha.

Tonse tinkaseka. Koma panali chinthu chimodzi chimene akamachikamba mawu sankakoka, maso sankavina. Ankachitcha injini yodzidya. Anandifotokozera tsiku lina kukugwa mvula, atabisala pakhonde langa.

"Achemwali, galimoto ya petulo ili ngati mwana womvera. Mukachotsa kiyi, kamoto kazima, yagona. Ya dizilo siyendera kamoto ka waya ayi. Mukaipatsa mpweya ndi chilichonse choyaka, imadya. Ndiye pali kachipangizo kena kotchedwa tabo, kopindika ngati nkhono, m'kati mwake muli kachimkupizira kothamanga kuposa maganizo a mbava. Ntchito yake n'kukankhira mpweya mu injini. Kuti kasapse, kamasambira mu oyilo. Kakakalamba, oyilo uja amayamba kuthawira m'njira ya mpweya, injini n'kumulawa."

"Ikamulawa?"

"Imamukonda. Ikathamanga imayamwa wambiri, ikayamwa wambiri imathamanga koposa. Chotsani kiyi, ikukusekani. Dulani waya wa batire, ikukusekani. Tsekani dizilo, iti zikomo, kamba ndili naye wanga. Imalira mpaka imwe magazi ake onse, apo ayi mpaka chitsulo chiboole mimba n'kutuluka kukafuna munthu."

"Ndiye mankhwala ake?"

"Kuitsamwitsa. Kuitseka pakamwa ndi chinthu cholimba, chafulati. Osati chiguduli, imameza. Ngati ili ndi kilatchi, muiike giya yayikulu, muponde buleki, musiye kilatchi, ife ndi manyazi."

"Munaionapo, achikulire?"

"Kamodzi. Ndikuphunzira ntchito." Mvula inkagunda malata. "Amene ankandiphunzitsa anafuna kutseka mpweya ndi dzanja."

Anayang'ana chikhatho chawo, kenako anachibweza m'thumba. Tsiku limenelo ndinasoka mkono wa malaya mozondoka.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, amene anatengera kuseka kwa mayi ake ndi liuma la bambo ake. Anakwatiwa ndi mnyamata wogulitsa mazira m'magolosale, wamfupi, wolongolola, amene tonse tinkangomuti Wamazira. Tsiku loyamba kumuona, a Ndinanena anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kunena kuti, "Uyu amaseka asanamve nkhani yonse." Kuyambira pamenepo Wamazira akaona apongozi ake, mawu ankamuthera ngati wailesi yotha mabatire.

Anayamba ndi njinga, mathireyi atasanjidwa kumbuyo mpaka kupitirira mutu. Ntchito itakula anagula galimoto ya dizilo yogwirapo kale ntchito, yoyera, yayitali kumbuyo, yosintha magiya yokha. Anabwera nayo akuliza hutala kuyambira kumtunda kwa msewu, mkazi wake ali pambali, mimba itayamba kuoneka. Tonse tinatuluka kukaisirira. Chitseko cha mbali ya mkaziyo chinkatseguka ndi kunja kokha, ndiye Wamazira anathamanga kukamutsegulira ngati bwana, anthu n'kuwomba m'manja.

A Ndinanena sanawombe.

"Ilizeninso," anatero.

Wamazira anailiza.

"Pondani moto. Siyani. Pondaninso."

Pansi pa kulira kwa injini pankamveka kamluzu kakang'ono, tswiii, ngati ambulansi ili kutali. Kumbuyo kunatuluka utsi wotuwa, wonkera kubuluu, n'kutsalira mumsewu osafuna kuchoka.

"Mwaumva mluzuwo?"

"Ndi mphamvu imeneyo, apongozi. Wogulitsa anati tabo ikamaimba ndiye kuti ili ndi moyo."

"Oyilo mwathirapo chigulireni?"

"Pang'ono chabe."

"Pansi pamene mumaimika pamadontha?"

"Ngakhale kadontho! Youma gwa!" anatero Wamazira monyadira.

"Ndiye oyiloyo akupita kuti?"



A Ndinanena anatsegula boneti, n'kudikira kuti injini izizire. Anamasula paipi yayikulu ya labala, n'kupisamo chala. Chinatuluka chonyowa, chakuda, chikuchucha. Anachinunkhiza. Kenako anapisa zala ziwiri m'kamwa mwa tabo muja n'kugwedeza kamtengo ka chimkupizira. Ngakhale ine wosadziwa kanthu ndinamva, khwedekhwede, ngati dzino la mwana lotsala pang'ono kuguluka.

Tonse tinadikira chipewa. Sichinavulidwe. Anangotembenukira mwana wawo.

"Iwe usakwerenso m'menemu."

"Ababa!"

"Ndanena. Tabo iyi yatha. Tsiku lina injiniyi idzayamba kudzidya, ndipo poti kilatchi mulibe, palibe adzaigwire."

Mtsikanayo anaika manja m'chiuno, pamene chiuno chinali kale. "Ababa, munanena kuti denga la kuchipinda kwanga lidzandigwera, ndinakula ndikugona maso ali m'mwamba. Munanena kuti njinga idzamupha mwamuna wangayu, nayu ali apa. Munanena kuti tambala wa aneba sadzafika sabata, anafa ndi ukalamba. Lero tagula kanthu kathu, simungangonena kuti mwachita bwino?"

Anthu anaseka, ine ndinaseka nawo. A Ndinanena anapukuta chala pa ovolosi.

"Zinazo ndinkangonena," anatero motsitsa. "Izi ndikunena."

Koma ndani akanasiyanitsa? Munthu amene wakuwa kuti njoka pa chingwe chilichonse, tsiku la njoka yeniyeni anthu amamubweretsera chingwe china.

Kuyambira tsiku limenelo Wamazira anasiya kudutsa mumsewu mwathu. Ankazungulira njira ya kumbuyo kwa msika, koma mluzu uja unkatipeza ndithu, ukudumpha madenga. Sabata iliyonse unkakula. Ukamveka, a Ndinanena ankasiya sipanala n'kuima chilili mpaka utazimirira. Anasiya kulosera mawilibala. Anasiya kuvulira magalimoto chipewa. Wometa tsitsi anadutsa dala kawiri akutulutsa utsi, osalandira ngakhale mawu amodzi, moti anabwera kudzandidandaulira.

"Achikulire aja akudwala? Andiyang'ana ngati ndine mtengo."

Mayi akunyumba nawo kuseka kunachepa. "Sakudya," anandiuza. "Akungozungulira mbale ndi supuni. Ndikati pitani mukalankhule naye bwinobwino mkamwini wanuyo, akuti akapita adzaoneka ngati akupempha ntchito."

Chimene tonse sitinkadziwa n'chakuti mawu aja anamulowa Wamazira. Ankaseka pagulu, koma akakhala yekha m'galimoto mluzu uja unkamuuza zina. Kubwera nayo galimotoyo kwa apongozi ake kunali kovuta, manyazi. Ndiye anapita mwakachetechete kwa makaniko wina kutsidya kwa tauni, n'kuikitsa tabo yatsopano.

Linali Loweruka m'mawa, dzuwa lili bwino, mumsewu muli anthu ambiri, pamene galimoto yoyera ija inatsika mwaulemu ngati mkwatibwi. Mluzu kunalibe. M'galaja munali modzaza, ndiye anaimika mbali yanga, pafupi ndi khonde. Kumbuyo kunali mathireyi a mazira mpaka kudenga, ena pakati pa mipando, ena pamiyendo pa mkazi wake, amene panthawiyo mimba inali itafika poti mpando wa kutsogolo unkamuchepera.

Wamazira anatsika, injini ikulira, n'kutsegula boneti yekha.

"Apongozi! Tabwerani mudzaone!"

A Ndinanena anawoloka msewu akupukuta manja. Anasuzumira. Tabo inali mbee, yonyezimira pakati pa zitsulo zakuda. Ndinaona mapewa awo akutsika ngati munthu amene watula thumba la simenti.

"Mwasintha," anatero.

"Ndasintha, apongozi! Ndabwera nayo bwinobwino, pang'onopang'ono, kuti muyambe ndinu kuimva ikabangula. Tamverani!"

Anathamangira pachiwongolero. A Ndinanena anali akuyang'anabe m'boneti, maso akutsata paipi yochoka pa tabo, yotsikira pansi ku kabokosi koziziritsira mpweya kamene kamakhala kutsogolo. Paipiyo inali yakuda, yafumbi, zomangira zake zosakhudzidwa ndi sipanala. Ndinaona nkhope yawo ikusintha.

"Mapaipi apansiwa anatsuka?"

"Mwati chiyani, apongozi?"

"Ndati musaponde!"

Anali ataponda kale.

Injini inakwera monga ikwerera injini iliyonse. Wamazira anachotsa phazi. Injini sinatsike. Inakwerabe, n'kukwerabe, kulira kuja n'kusanduka kukuwa, kukuwa n'kusanduka chinthu chimene sindinachimvepo chibadwire, chomveka m'mano ndi m'mimba. Mapini anga anayamba kuvina m'mbale. Kumbuyo kwa galimoto kunatuluka utsi tolo, woyera, wokhuthala ngati thonje, ndipo posakhalitsa golosale ya kutsidya inasowa, geti la galaja linasowa, dzuwa lenilenilo linasowa.

Wamazira anatumphuka m'galimoto atanyamula kiyi m'mwamba.

"Ndazimitsa! Apongozi, ndazimitsa! Nayu kiyi!"

Anamuonetsa aliyense kiyiyo, ngati kuti wina akanapita kukaiuza injini. Kenako wina anakuwa kuti iphulika, ndipo msewu wonse unabalalika. Wometa tsitsi anathawa limodzi ndi kasitomala wake, mutu wometedwa mbali imodzi, nsalu ili m'khosi. Mayi wina anataya dengu. Wamazira naye miyendo inamunyamula osamufunsa, n'kudzapezeka ali kuseri kwa chipilala cha khonde langa, kiyi akadali m'manja.

Ine sindinathawe, ndinatsala pakhonde pomwepo.

M'kati mwa phokosolo munamveka kugogoda. Phi, phi, phi, chikhatho pagalasi. Mtsikana uja anali m'galimoto. Chitseko chake sichinkatseguka ndi m'kati, ndipo kuti awolokere mbali inayo, mimba ndi mathireyi zinamutsekera njira.

Wamazira anamva. Anandiyang'ana, maso ali tong'o. Kiyi anagwa pansi. Kenako munthu wamfupi uja analowa mu utsi chothamanga, ndipo sindinamuonenso.

Nthawi yomweyo mu utsi munatuluka a Ndinanena, akutsokomola. Maso awo anasesa khonde langa n'kuima pa kathabwa kamene ndimasitirapo makolala. Anakahwatula, malaya a kasitomala n'kugwera uko, osanena ngakhale zikomo, n'kubwereranso.

Mphepo inakankha utsi pang'ono, ndiye ndinaona. Galimoto yonse inkanjenjemera ngati ikufuna kuchoka pa matayala. A Ndinanena anali atawerama m'boneti, nkhope ili pafupi ndi chinthu chimene iwo eni anandiuza kuti chimaboola mimba n'kutuluka kukafuna munthu. Anasolola sikuludiraiva m'thumba, n'kumasula chomangira cha paipi yolowetsa mpweya. Anakoka paipiyo n'kuitaya, pakamwa pa tabo n'kutsala yasa, pakukoka mpweya moti ovolosi yawo inkakokekera komweko. Anagwira thabwa lija m'mbali, zala atazitalikitsa, n'kulisendeza.

Phaa! Injini inalilanda yokha.

Kukuwa kuja kunasanduka kubuula. Injini inatsamwa, inagwedezeka, inayesa kukoka mpweya m'mbali mwa thabwa, a Ndinanena n'kulitsamira ndi thupi lonse. Inakhosomola kawiri, katatu, n'kugunda kamodzi mwamphamvu ngati ng'ombe yoponya mwendo womaliza.

Zii.

Sindinamvepo bata lolemera ngati limenelo. Chimene chinkamveka chinali chitsulo chotentha chikuti the, the, the, ndi mazira akudontha pansi pa zitseko, mtsinje wachikasu ukulowera mu ngalande.

Utsi utachepa tinawaona. Wamazira anali atakhala pansi m'mphepete mwa msewu, mkazi wake atamukumbatira, onse awiri ali mazira okhaokha kuyambira kutsitsi, akutsokomola, akulira, ali moyo. Mayi akunyumba anafika akuthamanga, nsapato imodzi itatsalira m'njira.

Anthu anayamba kubwerera mmodzimmodzi. Ndipo tonse, ndikunena tonse, tinatembenukira kwa a Ndinanena. Ngati panali tsiku limene mawu aja anawayenera, linali limeneli. Wometa tsitsi anachita kuwanong'oneza kuti awathandize kuyamba.

Iwo anapita kaye kwa mwana wawo, n'kumugwira nkhope ndi manja akuda aja, kumuyang'ana m'maso, kumumvetsera mmene akupumira. Kenako anabwerera kugalimoto, anagwada, n'kumasula paipi ya pansi ija. Munatuluka oyilo wakuda, khuthukhuthu, ngati akutsanula mumphika.

"Uyu ndi wa tabo yakale ija," anatero. "Anadzaza m'kabokosimu miyezi yonse ija. Mnzangayo anasintha tabo osatsuka njira. Anapha njoka, ululu n'kuusiya m'mwendo. Tabo yatsopano itapuma ndi mphamvu, yamukankhira yense mu injini."

Wamazira anaimirira, mutu uli pansi. "Nenani, apongozi. Ndikumva."

A Ndinanena anaimirira, n'kupukuta manja pa ovolosi.

"Za tabo ndinanena," anatero. "Za kutsuka mapaipi sindinanene. Ndinatanganidwa ndi kukuopsezani." Anayang'ana malaya a mkamwini wawo, ong'ambika paphewa pamene anakodwa pachitseko. "Koma munabwerera. Ndinakuonani mukuthawa, ndinakuonaninso mukubwerera. Tiyeni mukasambe, mwananga, mukununkha."

Injini ija sinachirenso, m'kati munali mutapindika zinthu. Galimotoyo inakhala kuseri kwa galaja, nkhuku zikuikiramo. Thabwa langa anandibwezera lili ndi chizindikiro chozungulira, chakuda, cholowa m'kati ngati lalumidwa. Msewu unanunkha mazira ovunda mpaka mvula inabwera kudzatichitira chifundo.

Mwana anabadwa, wamkazi, wamphumphu. Tsiku limenelo tinaona chodabwitsa: a Ndinanena atasamba mpaka nsonga ya mphuno, ndipo tinazindikira kuti inali yofiirira ngati ya wina aliyense. Anamunyamula mdzukulu wawo, n'kuika khutu pachifuwa pake.

"Akupuma mothamanga," anatero.

"Makanda amatero, ababa."

"Mm. Tiona."

Tonse tinapuma. Achikulire anali atabwerera m'malo mwake.

Koma chifuwa chimene chinayamba tsiku la utsi lija sichinachoke. Ena ankati ndi utsiwo, kuchipatala anati mapapo anali atatopa kale ndi zaka zonse zokoka utsi wa m'ekizozi. Ankagwirabe ntchito, koma akawerama m'boneti ankachedwa kuweramuka. Ovolosi inayamba kuwakulira. Anabwera nayo kwa ine kuti ndiibweze m'chiuno, kenako anabweranso nayo. Nyengo yozizira inafika, ndipo tinadikira chilengezo cha chaka ndi chaka. Sichinabwere.

M'mawa wina anawoloka msewu pang'onopang'ono, n'kukhala pabenchi langa.

"Mwadzuka bwanji, achikulire?"

"Ndadzuka bwino, achemwali," anatero akumwetulira. "Bwino ndithu. Taonani mmene kwachera."

Phazi langa linaima lokha pa makina. Ndinawayang'ana, iwo akuyang'ana kumwamba ngati munthu amene akukuona koyamba. Atabwerera ndinapita kukawauza mayi akunyumba zimene ndamva. Anakhala pa tayala lakale pageti n'kuphimba nkhope ndi manja.

Mwezi umenewo sunathe.

Pamaliro panabwera magalimoto ochuluka moti msewu unatsekeka, ambiri mwa iwo ataloseredwa imfa kalekale ndi munthu amene tinkamuperekezayo. Madalaivala ankakumbutsana zimene anauzidwa, wina aliyense akufuna kuti ulosi wake ukhale woopsa kuposa wa mnzake. Ankaseka, kenako n'kumapita kuseri kwa magalimoto awo kukamina.

Galaja ija panopa muli makaniko wina, wachinyamata, waukhondo, wa mano oyera. Anapaka penti pageti, anaika wailesi. Ndi munthu wabwino, sindinganame. Aliyense wobwera amamulandira ndi mawu amodzi: "Palibe vuto, bwana." Utsi? Palibe vuto. Kugogoda? Palibe vuto, zimatero. Anthu amamukonda, amatuluka pageti akuimba. Mumsewu mwathu simunakhalepo nkhani zabwino zochuluka chonchi, ndipo ine sindinakhalepo ndi nkhawa ngati masiku ano. Kale mantha athu onse ankasenza munthu mmodzi, ife tikuseka. Lero aliyense akusenza ake, ndipo sitidziwa kuti oyenera kuwasunga ndi ati.

Wamazira anagula njinga yamoto ya matayala atatu. Amaima pakhonde langa akamadutsa, kulongolola kunachepa. Sabata yatha anali atakhala pabenchi pamene kutsidya ankamalizitsa galimoto ya banja lina la paulendo wautali, katundu padenga, ana atadzaza kumbuyo, agogo awo ali pawindo. Makaniko uja anatseka boneti, n'kuisisita ngati mwana.

"Pitani bwino, bwana! Iyi ingakafike kulikonse!"

Galimoto inatuluka pageti, n'kuyamba kukwera mtunda. Wamazira anasiya kulankhula pakati pa mawu.

"Achemwali, mwamva?"

"Ngati ndamva."

"N'chiyani chimenecho?"

"Sindikudziwa. Mwina si kanthu."

"Mwina," anatero. "Tiwaimitse?"

"Tikawauze kuti chiyani?"

Tinayang'anana. Kenako tonse awiri tinaimirira n'kutsika pakhonde, iye atakweza dzanja. Koma galimoto inali itafika kale pakona. Kamtsikana kena kumbuyo kanaona dzanja lija, n'kutibayibitsa.